Ndigule mfuti yatsopano kapena ndisinthitse mpope wa yakale?

Akuluakulu amene mumadziwa za ulenje, ndikupempha nzeru zanu. Ndimakhala ku Limpopo, ku South Africa, ndipo ndili ndi mfuti yakale ya mtundu wa Mauser 98, yogwiritsa ntchito zipolopolo zotchedwa .30-06, imene ndimasakira nswala ndi njiri. Mizere ya m'kati mwa mpope wake, imene imazunguliza chipolopolo kuti chipite molunjika, yadyeka, makamaka pafupi ndi polowera chipolopolo, kotero kuti pa mtunda wa mamita 100 zipolopolo zikumwazikana, ndipo sindikufuna kuvulaza nyama n'kuisiya ikuzunzika m'tchire.

Katswiri wokonza mfuti anandiuza kuti chitsulo chotsekera chipolopolo chidakali cholimba, choncho kuika mpope watsopano n'kotheka. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti malamulo a kuno amauwerengera mpope ngati mfuti payokha, motero ntchitoyi imafuna chilolezo cha apolisi, pamene mfuti yatsopano nayonso imafuna chiphaso chake. Mtima wanga uli pa yakaleyi chifukwa thabwa lake linandizolowera paphewa.

Kodi inu amene munasinthitsapo mpope, mfuti yanu inayambanso kulondola ngati kale? Nanga mutaphatikiza mtengo wa mpope, malipiro a katswiriyo ndi nthawi yodikira chilolezo, munaona kuti mwapindula?