Khomo lothawira moto lodzera ku khitchini, zimaloledwa kodi?

Mayi_wa_Holo:
Abale ndithandizeni nzeru. Tikumanga kaholo kuseri kwa malo athu odyera cha mu msewu wa ku Monkey Bay, ka maukwati ndi zinkhoswe, anthu pafupifupi 200 atha kukwanamo. Khomo lalikulu ndi limodzi kumaso, ndiye mmisiri akuti palibe chifukwa choboolanso khoma, kukabuka moto anthu azidzalowa ku khitchini nkudutsa mu stoo nkutulukira kuseri. Ine mtima sukundipatsa koma ndalama nazo zatha. A khonsolo angavomere zimenezi?

Wa_Mapulani:
Mayi, mmisiri wanuyo asakupusitseni. Malamulo omwe ojambula mapulani ambiri amaonera, ngati IBC ndi NFPA 101 a ku America, amakana poyera kuti njira yothawira alendo idutse mu khitchini, mu stoo kapena chipinda chilichonse chomwe munthu atha kuchikhoma ndi kiyi. Ndipo chipinda cha msonkhano chikafika anthu 50 pamafunika makomo awiri otalikirana, zitseko zake zotsegukira kunja. Inu mukukamba za 200! Chifukwa chake nchosavuta, moto wambiri pamalo odyera umayambira kukhitchini komweko, kuli gasi, mafuta otentha, mbaula, ndiye mukuuza anthu kuti azithamangira komwe kukuchokera utsi. Khomo lakuseri lija ndi la ophika anu, lisiyeni likhale lawo. Kwathu kuno tili ndi lamulo la chitetezo pamalo a ntchito la 1997, komanso pulani imayenera kudutsa ku khonsolo musanamange, pitani nayo mukawafunse maso ndi maso.

Che_Mpondasi:
Zoona zimenezo koma tisanamizane, malo angati kuno ku boma kapena ku Makawa omwe ali ndi makomo awiri otseguka? Vuto ndi akuba achimwene. Stoo muli mpunga, mafuta, makireti a zakumwa, palibe mwini malo angaisiye yosakhoma anthu 200 ali pa ukwati. Ndiye akhoma, kiyi ali mthumba mwa manijala, manijala watuluka kukagula ayisi. Khomo lothawira lathera pomwepo.

Wa_Mapulani:
Che Mpondasi mwandiyankhulira. Nchifukwa chake stoo imakanidwa, lero njira ili bwinobwino mawa mwadzaza matumba a makala ndi mipando yothyoka. Komanso munthu akachita mantha amathamangira pomwe analowera basi, chitseko cholembedwa kuti antchito okha sachiganizira nkomwe. Mu 2003 ku Rhode Island, ku America, kunapsa malo a dansi otchedwa The Station, anthu 100 anafa, makomo ena analipo kuphatikizapo la kukhitchini koma ambiri anapanikizana pakhomo lakumaso mpaka kutsekeka. Za akuba zili ndi njira yake, pali loko wa chitsulo chopingasa yemwe ukangokankha mkati chitseko chimatseguka koma wakunja sangalowe.

Mayi_wa_Holo:
Nanga titati tidule mbali ina ya stoo nkupanga kanjira kakekake kosalowa mu khitchini?

Wa_Mapulani:
Zimenezo nzomveka, bola khoma lake likhale la njerwa mpaka kudenga, osati pulayiwudi, musamasungemo kanthu, ndipo pakhale chikwangwani chooneka ndi nyali ya batire yoyaka yokha magetsi akathima. Koma werengani bwino mtengo, mwina kuboola khoma lam'mbali mwa holo nkuika chitseko chachikulu kungatchipe kuposa kanjirako.

Mdzukulu_wa_Namwera:
Ine funso langa ndi denga, mwafolera chani mayi? Chifukwa mukatengera fasho ya malo a kunyanja nkufolera udzu, ndi kutentha kwa mu Okotobala kuno udzu umauma gwaa, ukagwira moto anthu sapeza mpata wofufuza khomo. Ndipo mawindo musaike zitsulo zowotcherera onse, siyani ena otseguka.

Mayi_wa_Holo:
Ndi malata bambo. Mawindo nde tawotcherera kale onse, ndimuitanenso wowotcherera uja Lolemba tione awiri oti tidule.