Zoti magetsi amateteza zilonda za pabedi kwa ovulala msana nzoona?

Mlongo_wake: Abale ndithandizeni. Achimwene anga anachita ngozi ya kabaza, anathyoka msana ndipo kuyambira mchiuno kutsika sakumva kanthu. Timawatembenuza usana ndi usiku koma pamatako payamba kuda ndiye mantha andigwira. Wina wandiuza zoti kunja amamata timawaya ta magetsi pamatako kuti zilonda zisabwere, eti zimathandizadi? Nanga kamakina ka magetsi kotchedwa TENS kogulitsidwa pa intaneti kangagwire?

WaFizo: Pepani asisi. Nkhaniyo ndi yoona. Munthu wabwinobwino amasunthasuntha osadziwa nkomwe, koma wovulala msana samva kuwawa ndiye amangokhala, magazi sayenda pamene fupa lapanikiza, komanso minofu ya matako imafota, fupa nkumatsamira pakhungu. Magetsiwo amadzutsa mitsempha kuti minofu ikungike, magazi nkudutsa. Ku University of Alberta ku Canada, gulu la Vivian Mushahwar linapanga kabudula wotchedwa Smart-e-Pants, amagwedeza minofu masekondi 10 pa mphindi 10 zilizonse. Koma umboni woti zilonda zimachepadi ukadali wochepa, anayesa pa anthu owerengeka. TENS ija anaipangira kuchepetsa ululu, si imeneyo ayi. Chonde osayesa nokha, amene anavulala pa fupa la msana lotchedwa T6 (cha pachifuwa) kapena pamwamba pake BP imatha kukwera mwadzidzidzi moopsa, ndipo ngati mitsempha yakumunsi kwenikweni inaduka minofu siyankha olo pang'ono.

Wapawilutcheya: Asisi ine zandikhudza ndi pamene mwati payamba kudapo, zamagetsi zisiyeni kaye. Chilonda chimenechi chimayambira mkati pafupi ndi fupa, kunja mumangoona kadontho koma pansi pawonongeka kale, ineyo chinandigoneka chafufumimba nthawi yaitali ndipo sindifunira munthu. Asagonerenso pamenepo mpaka pachire, osapatikita. Atembenuzeni maola 2 aliwonse, pilo pakati pa mawondo, zidendene zilendewere, nsalu zikhale zouma zopanda makwinya, mkodzo ndiye mdani wamkulu. Akakhala pa wilutcheya azidzinyamula kapena kuweramira kutsogolo mphindi 15 mpaka 30 zilizonse. Adyenso bwino, mazira, usipa, nyemba, chiponde.

WaFizo: Zoonadi akuluwa. Pitani nawo achipatala akapaone sabata yomweyino. Ngati muli ku Blantyre funsani kuchipatala cha Kachere, ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION, mukafunse za kushoni yoyenera komanso ngati magetsi angawayane.

Mlongo_wake: Zikomo nonse, mawa mmamawa tipita. Usiku uno ndiwagoneke chammbali kapena chafufumimba?