Tinapitadi ku bowling kuja, zikomo nonse

Ndabwera kudzathokoza nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene tingakonzekere kukacheza usiku kumalo akale a bowling (masewera ogubuduza mpira kuti ugwetse timitengo toimikidwa totchedwa mapini), aja opanda makina owerengera zigoli.

Ndinatsatira malangizo oti ndiyambe ndaimba foni kumaloko. Zinathandiza, chifukwa masiku ena matimu a ligi amadzaza malo onse. Masokosi tinatenganso, poti nsapato n'zobwereka pomwepo.

Chinatizunguza mutu ndi kulemba zigoli papepala. Ukagwetsa mapini onse 10 poponya koyamba, umawonjezerapo zigoli za kuponya kuwiri kotsatira. Ukawamaliza poponya kachiwiri, umawonjezera za kumodzi kokha. Bambo a pakauntala anatiphunzitsa moleza mtima, mpaka tinazolowera.

Amene mukupita koyamba, musathamangire mpira wolemera, sankhani woti zala zikukwana bwino m'mabowo mwake. Musadumphenso mzere umene uli poyambira njira yogubuduzamo mpira, kutsogoloko amapakako mafuta, n'koterera zedi.