Wodwala mmodzi, mafayilo atatu: za kompyuta m'makiliniki mwathu

A Chisale (Santhe): Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru. Chiyambireni kulemba odwala pa kompyuta, mzere wa m'mawa ukutalika m'malo mofupika, ndipo chimene chandisowetsa mtendere n'chakuti munthu mmodzi akupezeka kawiri kapena katatu m'sisitimu. Pali mayi wina wa BP amene ali ndi mafayilo atatu. Pena analembedwa ndi dzina la kwawo, pena la amuna awo, pena dzina loyamba linasiyana chilembo chimodzi. Mankhwala amene tinawasinthira ali pa fayilo ina, ngongole yawo ili pa ina. Netiweki ikadula sisitimu sitseguka n'komwe, timangoyang'anana ndi wodwala. Kalaliki wanga akuti tibwerere ku makaundula. Tibwereredi, kapena pali pokonza? Nditumize screenshot muone?

Mayi Nyirenda (Nkhamenya): Ayi bambo Chisale, screenshot ya mayina a odwala isalowe m'gulu lathu lino. Tilipo ambiri, ndipo mafoni athuwa amagwiridwanso ndi ana kunyumba. Ingofotokozani, timva.

A Mbewe (Kamwendo): Achimwene, mverani kalaliki wanuyo. Kaundula safuna bandulo, magetsi akazima iye sazima, ndipo palibe amene amabwera kumapeto kwa mwezi kudzakulipiritsani chifukwa mwalembamo. Ine wanga ndi buku ndi bolopeni basi.

Dokotala Kamanga (Kasungu boma): A Mbewe, kaundula sazimadi, koma tsiku lolemba lipoti la mwezi lopita ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma (DHO) mumagona nthawi yanji? Kuwerenga ana a malungo osakwana zaka 5 mzere ndi mzere, kenako kuyambiranso chifukwa wina wakuitanani pakati. A Chisale, tiyankheni kaye ziwiri. Amene amalemba wodwala akafika ndani? Nanga akabweranso mumamusaka ndi chiyani?

A Chisale (Santhe): Amalemba aliyense amene ali pafupi ndi laputopu, kalaliki, anamwino, nthawi zina ineyo. Timasaka ndi dzina. Likapanda kutuluka timatsegula fayilo yatsopano kuti mzere uyende.

Yamikani (wa data, Kasungu boma): Bwana Chisale, vuto lagona pamenepo, sisitimu yanuyo mwina ilibe mlandu. Kuno dzina silingakhale kiyi yosakira munthu. Tangowerengani a Banda, a Phiri ndi a Mwale amene amalowa pakhomo panu Lolemba lokha. Mayi akakwatiwa dzina limasintha, ukwati ukatha limabwerera. Mwana lero amubweretsa agogo n'kutchula dzina la kunyumba, mawa amubweretsa mayi ake n'kutchula la ubatizo. Matenanti a m'maesiteti amabwera nyengo ya fodya, chaka chamawa ali kwa bwana wina mudzi wina. Tsiku lobadwa nalo silithandiza, achikulire ambiri amangodziwa chaka, ndiye kalaliki amangoika 1 Januwale kapena 1 Julayi kwa onse.

Zimenezi a Baobab Health, bungwe limene linkapanga masisitimu a m'zipatala, anazigwira kalekale. Anayamba pa Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001 ndi makompyuta ongodina pagalasi, ndipo chinthu choyamba chimene ankachita kwa wodwala chinali kumupatsa nambala yake, kuisindikiza pa sitika ya barcode (timizere towerengedwa ndi makina) n'kuimata pa buku lake la kuchipatala. Akabweranso, amangowomba barcode ija, fayilo n'kutseguka. Amene munagwirako ku ART, kopereka ma ARV, mukudziwa masitika ndikunenawa. Ntchito ija inapita m'manja mwa bungwe lina, la EGPAF, koma nzeru yake ndi yomweyo, ndipo kiliniki yaing'ono ingaitengere popanda kugula zodula.

Sisitimu iliyonse imapereka nambala ikamatsegula fayilo, kungoti inu simukuigwiritsa ntchito. Kuyambira mawa nambalayo ilembedwe pachikuto cha buku la wodwala. Pulinta ya masitika ngati mulibe, maka yosafufutika ikwanira. Kalaliki asamafunse kuti "dzina lanu ndani", azifunsa kuti "buku lili kuti". Buku likasowa asake ndi nambala ya foni, ikakanika asake ndi dzina pamodzi ndi mudzi ndi mfumu yake. Kwa mwana, dzina la mayi lilembedwe nthawi zonse. Zitatuzi zikakanika, m'pamene atsegule fayilo yatsopano. Ndipo mphamvu yotsegula fayilo yatsopano ikhale ndi munthu mmodzi yekha, wa pakhomo. Inu ndi anamwino muchotsedwe pamenepo, ngakhale kiliniki ndi yanu.

Mayi Nyirenda (Nkhamenya): Nanga chiphaso cha unzika? Si ndiye nambala yosasintha imeneyo?

Yamikani (wa data, Kasungu boma): Ikani malo ake mayi, ikathandiza, makamaka kwa akuluakulu. Koma ziphaso zija za NRB, nthambi ya boma yolembera nzika, zimene kalembera wake wamkulu anachitika mu 2017, ndi za a zaka 16 kupita m'tsogolo, pamene theka la mzere wa m'mawa ndi ana. Komanso munthu wothamanga ndi mwana wotentha thupi usiku amanyamula buku, osati chiphaso. Chikhale chothandizira, chisakhale chobwezera wodwala.

A Zulu (Mchinji boma): Kwa ife a m'malire muwonjezere china. Timalandira anthu ochokera mbali ya Chipata, ali ndi chiphaso cha unzika cha ku Zambia (NRC) ndi nambala ya foni yoyamba ndi +260. Sisitimu ina imakana nambala imene si ya kuno, ndiye kalaliki amangodzaza maziro kuti adutse. Pakatha miyezi muli anthu ambirimbiri a foni imodzi ya maziro okhaokha, kusaka ndi foni kwafa. Uzani wokugulitsani sisitimuyo atsegule malowo kuti azilandira nambala zakunja, kapena azilola kusiya osalemba.

A Chisale (Santhe): Ndamva. Nanga mafayilo amene abwerezedwa kalewa, ndingofufuta owonjezerawo?

Dokotala Kamanga (Kasungu boma): Musafufute chilichonse. Amaphatikiza, ndipo aphatikize ndinu, wodwala ali pamaso panu. Mafayilo atatu a munthu mmodzi ndi chisokonezo, koma fayilo imodzi ya anthu awiri ndi ngozi. Muphatikiza amayi awiri a dzina limodzi a mudzi umodzi, mmodzi Bactrim amamutulutsa zilonda thupi lonse, winayo ayi, ndipo chenjezo lija lasowa kapena lapita kwa wolakwika. Ndiye mayi wa BP uja akabwera, tsegulani onse atatu, muwafunse kuti mwezi wakuti munabwera, tinakupatsani akuti? Yerekezani ndi zimene zili m'buku lawo. Zikagwirizana phatikizani, nambala imodzi ipite pachikuto. Yambani ndi a BP, a shuga, a khunyu ndi a mphumu, amene mbiri yawo imasintha chimene muwapatse lero. Amene anabwera kamodzi ndi chimfine asiyeni, sakupwetekani. Ndipo ntchitoyi musaiyambe mu Januwale kapena Febuluwale malungo atavuta, simudzaimaliza.

A Mbewe (Kamwendo): Zonsezi kuti mupeze chimene buku la wodwala limakuuzani kale mukangolitsegula.

Mayi Nyirenda (Nkhamenya): Likakhalapo, a Mbewe. Angati amabwera ndi buku latsopano chifukwa lakale linanyowa, linadyedwa ndi chiswe, kapena alibisa dala kuti tisaone zimene analemba achipatala china? Koma pa mfundo imodzi ndili nanu: m'buku tisasiye kulemba. Wodwala wathu tikamutumiza ku chipatala cha boma, kompyuta yathu siyenda naye.

Bambo Chisale, za mzere wanuwo. Ine ndikuganiza kuti mukutayipa zonse ndi zala ziwiri wodwala akudikira, kenako mukulembanso zomwezo m'buku. Kwathu tinagawana. Kalaliki amalemba za munthuyo. Namwino amaika sikelo, kutentha kwa thupi ndi BP wodwala asanalowe. Wolemba mankhwala satayipa matenda, amasankha pa mndandanda umene tinaukonza potengera buku la boma la Malawi Standard Treatment Guidelines, ndipo amene timawaona tsiku ndi tsiku tinawaika pamwamba: malungo, chibayo, kutsegula m'mimba, matenda a m'njira ya mkodzo, BP, shuga. Pa LA, mankhwala a malungo aja, mpamene ndinaikondera kompyuta. Tinapangitsa kuti sikelo ikapanda kulembedwa LA asatuluke, ndipo ikalembedwa isankhe yokha paketi: makilo 5 mpaka 14 ndi 6x1 (piritsi limodzi kasanu ndi kamodzi), 15 mpaka 24 ndi 6x2 (awiriawiri), 25 mpaka 34 ndi 6x3, kuyambira 35 ndi 6x4. Zongoyang'ana mwana n'kumuyerekeza ndi maso zinatha. Pomaliza pulinta imatulutsa sitika ya zimene tapeza ndi mankhwala amene tapereka, timamata m'buku, ndiye kulemba kawiri kulibe.

A Chisale (Santhe): Izi zandigwira mtima mayi. Koma zonsezi zitheka netiweki ikakhalapo. Pano imatha kusowa m'mawa wonse.

Yamikani (wa data, Kasungu boma): Ndiye kuti sisitimu yanu ili pa seva, kompyuta yosungira mafayilo, ya wogulitsayo kwinakwake, inu mumangoifikira pa intaneti. Mufunseni ngati ingaikidwe pa kompyuta imodzi ya pa kiliniki panu. Ikatero mumangolumikiza malaputopu enawo ndi rauta, amalankhulana okha m'nyumbamo popanda bandulo. Intaneti imangofunika potumiza backup (kope la mafayilo losunga padera) ndi makleimu a medical aid. Laputopu, rauta ndi pulinta yaing'ono sizidya magetsi ambiri, sola ndi batire ndi inveta zimene ambiri muli nazo kale zikwanira, bola musazilumikize pamodzi ndi filiji ndi sterilizer.

Akakana, zilipo sisitimu zaulere zimene zimagwira popanda intaneti. OpenMRS ndi imene a bungwe la Partners In Health amagwiritsa ntchito ku Neno. Bahmni inamangidwa pa OpenMRS yomweyo, ili ndi za labu, za mankhwala ndi za mabilu, koma imafuna kompyuta yamphamvu ndi munthu woidziwa. OpenEMR ndi yopepukirapo. Ulere wake ndi wa pulogalamu yokha, woiika ndi woikonza ikavuta mumulipira, ndipo akakhala wa ku Blantyre amene foni amayankha mawa lake, mwangosintha mtundu wa vuto. Ine ndingati musathamangire kusamuka musanamve yankho la amene muli nayeyu.

Ngakhale zonse zili bwino, sungani mafomu a pepala m'dirowa. Tsiku limene kompyuta yakana, mulembe pa fomu ndi nambala ya pachikuto ija, madzulo omwewo zilowe. Zikagona sabata sizilowanso.

Dokotala Kamanga (Kasungu boma): Mukamalankhula naye mufunsenso izi, ndipo ayankhe polemba. Mukafuna kusiyana naye, akupatsani mbiri ya odwala anu yonse mu Excel kapena CSV, kapena adzakuuzani kuti yambani mwalipira? Ndipo mtengo wake uli mu kwacha kapena mu dola? Amene anasaina za dola anaona zakuda mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti, pamene ife mtengo woonana ndi dokotala sitingaukweze choncho tsiku limodzi, odwala athawa.

A Zulu (Mchinji boma): Seva ikabwera m'nyumba mwanu, udindo wa backup wabweranso kwa inu. Mbava zikathyola zimayamba ndi laputopu. Madzulo aliwonse kopani pa hard drive, ziwiri zosinthana, imodzi izigona kunyumba, ndipo zikhale zokhomedwa ndi pasiwedi. Kamodzi pamwezi wina ayese kutsegula backup pa kompyuta ina. Kusunga osayesa kuli ngati kuthira chimanga m'nkhokwe osasuzumiramo, tsiku la njala upeza anankafumbwe anamaliza kale.

Mayi Nyirenda (Nkhamenya): Ndipo aliyense akhale ndi pasiwedi yake, osati imodzi yomatidwa pakhoma. Kalaliki aone dzina, mudzi ndi bilu, asaone zotsatira za magazi. Pa trading centre tonse timadziwana, kalaliki ndi mlamu wa uje, wodwala ndi mkulu wa mpingo. Lamulo la Data Protection Act la 2024 lilipo tsopano, oliyang'anira ndi a MACRA, ndipo za umoyo wa munthu lili nazo pagulu la zofunika kusamalidwa mwapadera. Nkhani ya wina ikatuluka, ku Medical Council akaitana mwini kiliniki, osati wogulitsa sisitimu.

A Chisale (Santhe): Ndalankhula naye. Akuti kuika pa kompyuta ya pano n'kotheka, pali kandalama koonjezera kamodzi kokha, abwera kudzaika yekha. Batani lophatikiza mafayilo lilipo, linali lobisika ku akaunti ya admin. Za Excel wavomera, ndamuuza alembe mu mgwirizano. Za nambala zakunja akuti akonza. Kalaliki wayamba kale kulemba manambala pa mabuku ndi maka, ndipo ine ndi anamwino tachotsedwa pa zotsegula fayilo. Chatsala ndi pulinta ya masitika. Pali mitundu iwiri imene andionetsa, ina yotchipa yosafuna riboni. Nditenge imeneyo?

A Mbewe (Kamwendo): Ine ndikadali pa bolopeni, koma za nambala pachikuto ndatengako. Ndiziilembanso m'kaundula.

Yamikani (wa data, Kasungu boma): Bwana Chisale, yosafuna riboniyo imalemba ndi kutentha, ngati malisiti a m'sitolo aja, ndipo zolemba zake zimafufutika zikakhala padzuwa kapena m'thumba lotentha. Buku la mwana limene limayenda m'chitenje mpaka Okutobala mudzalipeza ndi sitika yoyera mbee. Tengani ya riboni. Musanalipire funsani ngati masitika ndi mariboni a saizi yake amapezeka ku Lilongwe nthawi zonse, ndipo wa sisitimuyo atsimikize kuti pulintayo imagwirizana ndi pulogalamu yake. Ngakhale sitika ilipo, kalaliki azilembabe nambalayo ndi bolopeni m'kati mwa chikuto chakumbuyo, poti chakutsogolo n'chimene chimayamba kung'ambika.