Mayi anga azolowera diazepam, kodi ndingowabisira?

NaPhiri_Ndirande:
Moni abale. Chimwalirireni bambo chaka chatha mayi anga tulo sakupeza, mtima kumangogunda, kuganiza kwambiri, ndiye kuchipatala anawapatsa diazepam wa 5mg kuti azimwa usiku. Atatha iwo anapitiliza kumagula okha pa famase ina ku Limbe opanda ndi pepala la adokotala lomwe, pano akumwa awiri akuti mmodzi sakugwiranso, masana amangokhala ngati aledzera, ndiwo akuziiwala pamoto, dzana anagwa kubafa. Ine ndikufuna ndingowabisira kapena nditaye mchimbudzi basi. Pali vuto?

Nesi_wa_Chilomoni:
Asisi chonde musataye, musabisenso. Kusiyitsa mwadzidzidzi munthu amene wamwa miyezi ndiye koopsa kwambiri.

Mu ubongo muli kemikolo yotchedwa GABA, ndi mabuleki a ubongo. Diazepam ndi anzake a gulu la benzodiazepine, kaya lorazepam, clonazepam, alprazolam uja amati Xanax, amakamatirira pa GABA-A receptor, malo olandirira GABA pa mitsempha ya ubongo, ndiye GABA akafika timakomo tolowera kamchere ka chloride timatseguka pafupipafupi, mitsempha imafatsa. Nchifukwa chake mankhwala amodzimodziwo amatsitsa nkhawa, amagonetsa, amafewetsa minofu, mpaka timapatsa ana amene akukomoka ndi malungo. Koma ubongo umazolowera, mlingo womwewo sugwiranso, ndi zomwe mukuona kuti afika pa awiri. Mukawalanda lero ayamba kunjenjemera, thukuta, nkhawa yoposa poyamba, tulo osabwera mpang'ono pomwe, ena amagwa ngati akhunyu ndipo munthu atha kufa nazo. Malamulo a mankhwalawa ndi kumwa masabata 2 mpaka 4 basi, osati miyezi.

Za kuodzera masana nazo sizodabwitsa. Diazepam amatenga maola 20 mpaka 50 kuti theka lake lichoke mthupi, ndipo chiwindi chimamusandutsa desmethyldiazepam amene amagwirabe ntchito komanso amakhalitsa kuposa pamenepo. Mwa achikulire zimachedwa kwambiri, piritsi la dzulo lisanathe labwera la lero, akungounjikana. Kugwa kuja ndi kumene kukundiopsa ine, chiuno cha munthu wamkulu chikathyoka ndi nkhani ina.

Pitani nawo ku Queens, funsani Room 6 kumene amaona za maganizo. Amachepetsa pang'onopang'ono, masabata kaya miyezi, malinga ndi mmene thupi likulandirira.

Mjomba_Bangwe:
Koma a nesi musatiopseze, Valium, diazepam yemweyu, ndi wakalekale uyu, analowa pa msika 1963, anthu akhala akumwa dziko lonse. Asiyeni amayi azigona, amwalilidwa.

Nesi_wa_Chilomoni:
Achimwene zoona ndi wakale ndipo ndi mankhwala abwino akamwedwa bwino, ife kuchipatala sitingagwire ntchito popanda iye. Koma zaka zomwezo ndi zimene zinaphunzitsa madokotala kuti amazolowereka. Payekha kawirikawiri saapha, koma muphatikize ndi mowa, tramadol kapena mankhwala a chifuwa a codeine, kupuma kumachepa munthu ali mtulo. Asisi muwafunse amayi zonse zimene akumwa, ngakhale za azitsamba.

NaPhiri_Ndirande:
Zikomo kwambiri anesi, mowa samwa koma tramadol amamwa mwendo ukavuta, eish sindimadziwa. Nanga akasiya nkhawayo ithana ndi chani? Nanga si iwo amaopa usiku, akuti akangozimitsa nyali maganizo onse amabwera.

Nesi_wa_Chilomoni:
Tramadol yo muitchule kwa adokotala poyambirira penipeni, iyonso payokha imatha kukomola munthu. Pa nkhawa yokhalitsa adokotala amakonda mankhwala ngati fluoxetine, sagwira tsiku lomwelo, amatenga masabata angapo ndipo masiku oyamba munthu atha kumva ngati zikuonjezera, muwauziretu asakhumudwe. Amitriptyline amapezeka kwambiri kuno koma naye amachititsa chizungulire mwa achikulire, asiyeni adokotala asankhe. Chinanso chisoni cha maliro chimafuna kuchiyankhula, apempheni uphungu konko, ndipo ngati nkotheka wina azigona nawo nyumba imodzi nthawi imene akuchepetsayi. Nyamulani kabuku kawo ka kuchipatala ndi mapaketi onse, ogula okha aja omwe, ndipo mpaka tsiku limenelo asasinthe mlingo.