Mleme wakanda mwana wanga ku kampu, nditani abale?

Abale ndithandizeni chonde, mutu sukugwira. Tili ku Cape Maclear ndi banja kuyambira Lachisanu, tikugona mmatenti pa kampu ina mphepete mwa nyanja pansi pa mtengo wa mango. Anyani tawazolowera, dzulo atibera buledi ndi nthochi patebulo ife tikuona, ng'azi nayo imangodutsa kuseri kwa bafa, zimenezo sizikundidetsa nkhawa ayi.

Koma usiku wapitawu mleme unalowa mu tenti ya ana, zipi anasiya yosatseka, ndiye mwana wanga wa zaka 7 anaugwira ndi manja kuti autulutse basi wamukanda pachala, kachilonda kakang'ono ngati wabayidwa ndi minga. Ndamutsuka ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 monga amanenera pa nkhani ya chiwewe koma mtima sukukhala pansi.

Amene mukudziwa, katemera wa chiwewe ndingamupeze ku Monkey Bay konkuno kapena ndithamangire ku Mangochi boma? Kapena tingonyamuka lero lomwe kubwerera ku Blantyre? Komanso milemeyi yadzaza mumtengomu, tisunthe matenti kapena kutseka zipi ndi kuika neti kwakwana?