Funso: chiwerengero cha ana pa kafukufuku wa malungo m'midzi

Akuluakulu a zofufuzafufuza, tithandizeniko maganizo. Tikukonza kafukufuku wofuna kudziwa kuchuluka kwa malungo mwa ana a miyezi 6 mpaka 59. Tikayerekeza kuti ana 20 pa 100 alionse ali ndi tizilombo, kulakwitsa kosapitirira 5 pa 100, ndi chitsimikizo cha 95 pa 100, masamu akutipatsa ana 246. Koma tisankha midzi 30, osati mwana mmodzimmodzi, ndipo ana a mudzi umodzi amalumidwa ndi udzudzu womwewo, motero zotsatira zawo zimakonda kufanana.

Ambiri amangochulukitsa ndi design effect (nambala yokwezera chiwerengero chifukwa chosankha ana m'magulu) ya 2, n'kupeza 492. Ife zikutikayikitsa. Pa ana 18 mudzi uliwonse, ICC (muyeso wa kufanana kwa zotsatira za ana a mudzi umodzi) ikakhala 0.1, design effect imafika 2.7. Kodi inu ICC mumaitenga kuti ngati dera silinafufuzidwepo? Nanga n'kwabwino kuwonjezera midzi n'kuchepetsa ana pamudzi, ngakhale mayendedwe akwere?

Chachiwiri: RDT (chipangizo choyezera malungo mwachangu) yoyang'ana HRP2, puloteni yochokera ku tizilombo ta malungo, imatha kuonetsabe malungo kwa masabata angapo mwana atachira, zomwe zimakweza chiwerengero. Tiyezenso magazi onse pa maikulosikopu, kapena gawo chabe?